Mnzanga anandinena kuti ndinagulidwa, ine n'kumunena mbuli. Ndiyambe ndine kupepesa?

Funso:

Alangizi, ndine mnyamata wa zaka 24. Ndili ndi mnzanga wa ponda apa nane mpondepo, tinadziwana kusukulu tili ndi zaka 14. Chisankho chitayandikira, iye anatsata chipani china, ine china. Poyamba tinkangoseleulana. Tsiku lina pagulu lathu la WhatsApp, pomwe pali anthu 30, ndinalemba kuti mtsogoleri wake akunama pa nkhani ya ntchito za achinyamata. Iye anayankha kuti ine ndinagulidwa, anthu n'kuyamba kuseka. Ndinapsa mtima, ndinamuuza kuti ndi mbuli yongotsata khamu. Anatuluka pagulupo. Tsopano papita miyezi itatu tisakulankhulana, ndipo chisankhocho chinatha kale. Ndimamusowa, koma ndikuona ngati ndikapepesa ndiye kuti ndavomera kuti iye ndi amene ankanena zoona. Ndimadzifunsanso kuti, kodi munthu amene amasapota zinthu zimene ine ndikuona kuti zikuwononga dziko angakhalebe mnzanga?

Yankho:

Achimwene, kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Ulendo wachiwiri ndinkasaka dala pamene pali ndale, ndipo ndazipeza m'chiganizo chimodzi chokha, pamene munati mtsogoleri uja akunama pa nkhani ya ntchito. Zotsalazo ndi mawu awiri, "unagulidwa" ndi "mbuli". Mawu amenewa sakukhudza ntchito za achinyamata ngakhale pang'ono. Akukhudza inu ndi iye. Mukanangotsutsana za ntchitozo, bwenzi m'mawa mwake mutalonjerana ngati kale. Chakukhalitsani duu miyezi itatu ndi manyazi: aliyense wa inu anayalutsidwa anthu 30 akuona, ndipo womuyalutsayo ndi munthu amene amamudziwa kuyambira ndevu zisanamere.

Ndiyambe ndi gululo, chifukwa ambiri amalipeputsa. Mawu oti "iwe anakugula" akanenedwa mukuyenda awiri, mnzako akukugunda paphewa uku akuseka, ndi nthabwala. Mawu omwewo akalembedwa pafoni usiku amasanduka mkondo, chifukwa olembedwa alibe nkhope. Mu 2005, Justin Kruger, Nicholas Epley ndi anzawo anayesa nkhani imeneyi ku America. Anthu ankatumizirana ziganizo pa imelo, zina zonena chilungamo, zina zonyogodola. Otumizawo ankadzidalira kuti anzawo amva tanthauzo lenileni pafupifupi pa ziganizo 80 mwa 100 zilizonse. Olandirawo anamva molondola 56 zokha, kungoposa pang'ono munthu wongolota. Ziganizo zikanenedwa ndi pakamwa, anthu ankazimva bwino kwambiri. Mwanena nokha kuti kale munkaseleulana, choncho n'kutheka kuti mnzanuyo ankaganiza kuti akupitiriza masewera omwe aja. Sindikumuchotsera mlandu, analasa. Koma pamene tizithunzi toseka tija tinayamba kugwa kamodzikamodzi pansi pa uthenga wake, inu simunalinso kuyankha mnzanu. Munkayankha anthu 30. Iyenso atanenedwa mbuli analibe pobwerera popanda kuoneka wogonja, n'chifukwa chake anangotsegula chitseko n'kutuluka.

Nanga bwanji nkhani ya chipani imawawa chonchi, pamene mukakangana za timu ya mpira kapena za nyimbo mumatha kuseka? Mbali ina ndi msinkhu wanu. Ofufuza za ndale akhala akuona kuti maganizo amene munthu amawagwira pakati pa zaka 18 ndi 25 ndi amene nthawi zambiri amakalamba nawo. Pa msinkhu umenewu voti imakhala chimodzi mwa zinthu zoyamba zimene mwasankha nokha, osauzidwa ndi makolo kapena aphunzitsi. Wina akainyoza, zimamveka ngati wanyoza kukula kwanu.

Mbali inayo ndi chibadwa chathu tonse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Henri Tajfel wa pa yunivesite ya Bristol ku England anagawa anyamata a sukulu m'magulu awiri pa zifukwa zopanda mutu, monga zojambula zimene wina wakonda, kapena mmene walotera chiwerengero cha timadontho. Anyamatawo sankadziwa n'komwe kuti m'gulu lawo muli ndani. Koma atapatsidwa mwayi wogawa tindalama, ankakondera a gulu lawo. Ngati timadontho tingachite zimenezo, kuli bwanji chipani chokhala ndi mtundu wake wa nsalu, nyimbo zake ndi mdani wake wodziwika dzina?

Pali nkhani ina yakale imene ndimaikonda kwambiri chifukwa imayankha mawu anu awiri aja nthawi imodzi. Mu Novembala 1951, matimu a yunivesite za Princeton ndi Dartmouth anasewera mpira wa mtundu wa ku America, ndipo masewerawo anali ankhanza zedi. Wosewera wa Princeton anathyoka mphuno, wa Dartmouth anathyoka mwendo. Pambuyo pake Albert Hastorf ndi Hadley Cantril anaonetsa ophunzira a mbali zonse ziwiri kanema mmodzimodzi wa masewerawo n'kuwapempha kuti awerenge zolakwa. Ophunzira a ku Princeton anaona zolakwa za Dartmouth kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi zimene a ku Dartmouth anaona pa timu yawo. Kanema yemweyo, maso osiyana. Palibe amene anawagula ana amenewa, ndipo sanali mbuli, anali ophunzira a yunivesite zotchuka. Aliyense ankanena moona mtima zimene anaona.

Apa ndi pamene inu ndi mnzanu mukufanana kuposa mmene mukuganizira. Nonse munaganiza motere: ine ndikuona zinthu mmene zilili, choncho amene akuona mosiyana nane ayenera kuti walandira kenakake kapena mutu wake sukugwira. Iye anasankha loyambalo, inu lachiwirilo. Cholakwa chanu nonse ndi chimodzi.

Tsopano funso la kupepesa. Mwamangirira zinthu ziwiri pamtolo umodzi, voti yanu ndi mawu anu. Voti simunalakwire nayo munthu, musaipepesere. Ngakhale zimene munanena za mtsogoleri uja, ngati mukuzikhulupirirabe, zisiyeni zili chilili. Chopepesa ndi liwu limodzi lija. Mukhoza kunena motere: "Aise, ndakuimbira chifukwa cha mawu aja. Sunayenere kunenedwa mbuli, makamaka pagulu. Ndinalakwa. Za chipani tizikanganabe, imeneyo ndi nkhani ina." Mukafika pamenepo, tsekani pakamwa. Lilime lidzayabwa kuti muwonjezere kuti "koma unayamba ndiwe". Musatero. Kupepesa kokhala ndi "koma" kumbuyo kwake ndi mkangano womwe uja utangosintha malaya, ndipo mnzanuyo adzaumva msanga.

Mwina mukuti, nanga bala langa? Lilipo, ndipo lisakwiriridwe. Kunenedwa kuti unagulidwa n'kunenedwa kuti ulibe chikumbumtima, ndipo kumva zimenezo kwa munthu amene wakhala nawe zaka khumi n'kowawa. Nthawi zambiri munthu akapepesedwa popanda ngongole yomutsatira, nayenso amatulutsa zake. Akapanda kutero tsiku lomwelo, dikirani mpaka mutakumana, mwaseka kangapo, ndiyeno mumuuze mwachindunji kuti mawu aja anakulasani ndipo simufuna kudzawamvanso. Kumeneko n'kumuuza za kukhosi, si kumulipiritsa.

Za amene ayenera kuyamba, musataye nazo tulo. John Adams ndi Thomas Jefferson, mtsogoleri wachiwiri ndi wachitatu wa United States, anali mabwenzi apamtima kuyambira nthawi yomenyera ufulu wa dziko lawo. Chisankho cha mu 1800 chinawadanitsa. Adams atagonja anachoka mu Washington m'bandakucha pa tsiku lolumbiritsa Jefferson, osafuna kuonerera mwambowo. Anakhala osalemberana pafupifupi zaka 12, kufikira mnzawo wina, dokotala Benjamin Rush, atawanyengerera mbali zonse. Pa 1 Januwale 1812, Adams, amene anali wogonja uja, ndi amene analemba kalata yoyamba. Inali yaifupi, yonena za banja ndi za kamphatso kamene ankamutumizira, yosatchula za chisankho. Kuchokera pamenepo analemberana makalata oposa 150, akutsutsana momasuka za boma, chipembedzo ndi ukalamba, mpaka onse awiri anamwalira tsiku limodzi, pa 4 Julayi 1826. Chimene chimandikhudza pa nkhaniyi ndi zaka 12 zotayikazo. Inu mwataya miyezi itatu yokha.

Mukayanjana, padzabwera funso lina: ndale tiziikamba kapena ayi? Ena amalangiza kuti nkhaniyi muingoikwirira. Kwa anthu ongodziwana kuntchito, malangizo amenewo ndi abwino. Kwa mnzanu wa zaka khumi sindikugwirizana nawo. Ubwenzi umene uli ndi chipinda chokhoma umazirala pang'onopang'ono, chifukwa nonse mumadziwa chimene mukuzemba, ndipo chisankho china chikubwera. Kupuma milungu ingapo n'kwanzeru. Kenako phunzirani kukambirana mwa njira ina.

Choyamba kusiya ndi kutumizirana maulalo a nkhani ndi timavidiyo pofuna kuti mnzanu "atseguke maso". Mu 2018, Chris Bail ndi anzake a pa yunivesite ya Duke analipira anthu a zipani ziwiri zikuluzikulu za ku America kuti kwa mwezi umodzi azilandira pa Twitter mauthenga a mbali imene amatsutsana nayo. Ambiri akanayembekeza kuti anthuwo afewa. Sizinatero. A chipani cha Republican anaumiratu mutu kuposa kale, ndipo a Democrat nawonso sanasunthire pakati. Uthenga woponyedwa kuchokera kutsidya umalandiridwa ngati mwala, munthu amangokweza chishango.

Ine ndemwe ndinaphunzira zimenezi mochedwa. Ndili ku koleji ndinali ndi mnzanga amene tinkatsutsana za mtsogoleri wina. Tsiku lina ndinafukula nyuzipepala yakale mmene mtsogoleriyo ananena zosemphana kotheratu ndi zimene ankalalikira pa nthawiyo. Ndinadikira mpaka anyamata atadzaza m'chipinda, n'kuiwerenga mokweza, mawu ndi mawu. Anyamata anaombera m'manja. Mnzanga uja sanayankhe kanthu. Anawerama n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato, pang'onopang'ono, ngati kuti ndi ntchito yofuna nzeru zambiri, kenako anadzuka n'kutuluka. Pachisankho anavotera munthu yemwe uja. Ine ndinatsala ndi nyuzipepala yanga, ndipo kuyambira tsiku limenelo ubwenzi wathu unatsala wa moni basi. Umboni wanga unali woona. Koma ndinaubweretsa kuti ndimugwetse, ndipo iye anadziwa.

Chimene chimathandiza ndi mafunso, koma osati onse. Mukafunsa kuti "n'chifukwa chiyani umasapota zimenezi?" munthu amatulutsa mndandanda umene anauloweza kale, ndipo akamaunena amalimbikira. Funso lina limagwira ntchito mosiyana: "tandifotokozera, zimenezi zingayende bwanji kwenikweni?" Mu 2002, Leonid Rozenblit ndi Frank Keil a pa yunivesite ya Yale ku America anapeza kuti anthu amadziona ngati akudziwa mmene zinthu wamba monga zipi zimagwirira ntchito, kufikira atapemphedwa kufotokoza mwatsatanetsatane. Pamenepo amazindikira okha kuti akudziwa zochepa. Philip Fernbach ndi anzake anayesa zomwezo pa mfundo za ndale mu 2013 ndipo anaona kuti anthu akalephera kufotokoza, kudzidalira kwawo kumatsika. Ofufuza ena atabwereza anapeza kuti sikuti munthu amasintha mbali ayi, koma amavomera kuti sakudziwa zonse, ndipo kwa mabwenzi zimenezo n'zokwanira. Tengani nkhani yanu yomwe ija. Mtsogoleri walonjeza ntchito. Ndalama zake zichokera kuti, misonkho kapena ngongole? Olemba ntchitowo ndi boma kapena makampani? Chaka choyamba chichitike n'chiyani? Koma chenjerani, funso limeneli lili ndi mano mbali zonse. Musanamufunse mnzanu, dzifunseni nokha za malonjezo a chipani chanu, muone ngati mungafike chiganizo chachitatu musanayambe kukanda m'mutu.

Funso lachiwiri ndi la moyo wake: "chinakuchitikira n'chiyani kuti nkhani imeneyi uziitenga chonchi?" Kumbuyo kwa voti ya munthu nthawi zambiri kumakhala nkhani ya kunyumba, monga bambo amene anachotsedwa ntchito mu ulamuliro wina, mchemwali amene anapeza mwayi wa sukulu mu ulamuliro winanso, kapena tsiku limene anachitidwa chipongwe pa ofesi ya boma. David Broockman ndi Joshua Kalla anasonyeza mu 2016 mumzinda wa Miami ku America kuti kucheza kwa mphindi pafupifupi 10, kumene woyendera makomo amamvetsera popanda kuweruza ndipo onse awiri amauzana zimene anakumana nazo, kunachepetsa tsankho mwa anthu kwa miyezi itatu. Zimenezi n'zosowa, chifukwa njira zambiri zokopera anthu zimafwifwa pakangopita masiku ochepa. Inu muli ndi mwayi woposa wa mlendo wogogoda pakhomo, chifukwa theka la nkhani za mnzanuyo mukulidziwa kale.

Mukamamvetsera chonchi mudzaona kuti mikangano imene timaitcha ya ndale si ya mtundu umodzi. Ina ndi ya zinthu zoti mukhoza kufufuza, monga ngati lamulo linadutsa kapena ayi, ndipo imeneyi imatha mukagwirizana kaye gwero limene nonse mumalikhulupirira. Ina ndi ya chimene chiyenera kutsogola, ufulu kapena bata, kuchepetsa misonkho kapena kuwonjezera chithandizo, ndipo pamenepa anthu anzeru ndi amtima wabwino akhala akusiyana kuyambira kalekale. Yambiri, makamaka pa msinkhu wanu, ndi ya kukhulupirira munthu: iwe ukuti ndi wakuba, ine ndikuti ndi mpulumutsi. Imeneyi siitha ndi mkangano, imatha ndi nthawi, mtsogoleriyo akadzionetsa yekha. Chimene mungachite n'kuyesana ndi funso limodzi: aliyense atchule chinthu chimodzi chimene chipani chake chinalakwitsa, ndi chimodzi chimene chipani cha mnzake chinachita bwino. Yambani ndinu. Amene sangatchule ngakhale chimodzi sakukamba ndale, akuimba nyimbo ya chipani.

Anatol Rapoport, katswiri wa masamu amene ankafufuza za mikangano, anasiya lamulo losavuta kunena koma lovuta kuchita: usanatsutse mnzako, fotokoza maganizo ake bwinobwino mpaka iye avomere kuti wamumvetsa. Liyeseni kamodzi, mudzadabwa kuti kangati mumatsutsa zinthu zimene iye sananene.

Thupi nalonso lili ndi mbali yake. John Gottman, amene wafufuza mikangano ya m'mabanja kwa zaka zambiri, anapeza kuti mtima ukamagunda kupitirira ka 100 pa mphindi, munthu samvanso zimene mnzake akunena, ndipo pamafunika mphindi zosachepera 20 kuti thupi likhazikike. Mukamva kutentha m'makutu ndipo zala zikuthamanga pafoni, ikani foniyo pansi. Liwu loti mbuli lija linalembedwa pa nthawi ngati imeneyo.

Funso lanu lomaliza ndi lolemera, ndipo sindikufuna kulipeputsa ndi mawu oti "ndale ndi ndale basi". Ndale zimakhudza amene apeze mankhwala, amene amangidwe, amene aphunzire. Muli ndi ufulu woziona kuti n'zazikulu. Koma musanagamule, onetsetsani kuti mukuweruza mnzanuyo, osati chithunzi cha otsatira chipani chake chimene chili m'mutu mwanu. Zithunzi zimenezi zimanama kwambiri. Douglas Ahler ndi Gaurav Sood anapeza mu 2018 kuti anthu a ku America ankaganiza kuti a Republican 38 mwa 100 alionse amalandira madola oposa 250,000 pachaka, pamene zoona zake ndi pafupifupi 2 okha. Timatenga wotsatira woipitsitsa amene tinamuona pa intaneti n'kumuveka nkhope ya mnzathu. Choncho dzifunseni kuti iyeyo, ndi pakamwa pake, wanenapo chiyani? Ndi manja ake wachitapo chiyani? Munthu akhoza kuvotera chipani chifukwa cha mfundo imodzi yokha, zina zonsezo akudana nazo ngati inu nomwe.

Malire alipo, ndipo ine ndimawaika apa. Mnzanu akayamba kunena kuti anthu a mtundu wakuti, chipembedzo chakuti kapena chigawo chakuti si anthu enieni, akamasekerera wina atamenyedwa chifukwa cha malaya a chipani, akamafalitsa mauthenga oitanira anthu ku chiwawa, kapena akaulula za inu kwa anthu amene angakuvulazeni, pamenepo nkhani yachoka pa kusiyana maganizo. Ku Rwanda mu 1994, wailesi ya RTLM inkatchula anthu a mtundu wa Atutsi kuti "inyenzi", kutanthauza mphemvu, ndipo anthu ambiri anaphedwa ndi anansi awo omwe. Mawu otere musawasekerere pofuna kusunga ubwenzi. Muuzeni kamodzi, muli awiri, momveka bwino, kuti zimenezo simungakhale nazo pamodzi. Akapitiriza, mukhoza kutalikira popanda kudziimba mlandu. Palinso mnzako wina amene ndale amangozigwiritsa ntchito ngati ndodo yokunyozera tsiku ndi tsiku. Ameneyo vuto lake linalipo chisankho chisanabwere.

M'kalata yanu sindinaonemo chilichonse cha zimenezi. Ndaonamo anyamata awiri okonda dziko lawo amene anatukwanana usiku umodzi. Ndipo kumbukirani mmene eni ake ndalewo amachitira. Ku Kenya, pambuyo pa chisankho chowawa cha mu 2017 chimene anthu anafera m'misewu, mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo Uhuru Kenyatta ndi Raila Odinga, amene ankapikisana naye, anatulukira pamodzi pa 9 Malichi 2018 n'kugwirana chanza makamera akujambula. Pofika chisankho cha mu 2022, Kenyatta ankachitira kampeni Odinga yemweyo. Otsatira awo amene anadana ndi anansi chifukwa cha awiriwa sanafunsidwe maganizo. Njovu zikamenyana umavutika ndi udzu, ndipo zikagwirizana sizibwerera kudzaudzutsa.

Za gulu la WhatsApp lija, musamubwezeremo musanamufunse, angaone ngati mwamukokera pabwalo kachiwiri. Koma popeza liwu lija linagwa anthu 30 akuona, mukayanjana mufunseni ngati angakonde kuti mulembe mzere umodzi pagulupo wonena kuti munalakwitsa. Ena amafuna, ena amati zisiyeni. Ngati pali mnzanu wachitatu amene nonse mumamulemekeza, wosakonda kunyamula nkhani uku ndi uku, akhoza kukhala Benjamin Rush wanu, koma asapepese m'malo mwanu.

Muimbireni masana, nthawi imene mukudziwa kuti sali pa ntchito, osati usiku. Akapanda kuyankha, musalembe ndime yaitali. Tumizani uthenga wa mawu wosapitirira mphindi imodzi, kuti amve liwu lanu, munene zomwe zija, ndipo mulekere pomwepo kwa milungu iwiri musanayesenso.